Matani Awiri a Mafuta

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu, alamu anga ndi ana onse. Ife kuno tadzuka, kupatula bondo la amayi lomwe limavuta tsiku limene lafuna. Magalasi munawatumizira aja anafika, ndipo akuti ndikuthokozereni kwambiri. Ine kuthokoza kwanga n'kochepa, chifukwa chiwavalireni ayamba kuona fumbi pamwamba pa kabati pomwe kale sankaona kanthu.

Mudabwa kulandira kalata ya pepala ngati tabwerera kusukulu yogonera. Nkhaniyi pafoni yandikanika katatu. Inu mumati ndikangoyamba kuyankhula mwandimalizira kale, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi kutha. Pepala silidula munthu mawu, choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire.

Mukumbuka tsiku lija mu Julaye munandiimbira mutapsa mtima, kampani yathu itathetsa ulendo wachindunji wobwera kwanuko? Munkadandaula kuti tsopano munthu ayenera kukatera pakati, n'kukhala maola asanu pabenchi kudikira ndege ina. Munati mapailoti ndi adyera, akuchedwetsa anthu dala chifukwa cha malipiro. Ine ndinavomereza, ndinathiranso ndi mchere wanga. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga wanditsata, ndipo mawu amenewo ndikufuna kuwabweza.

Ndiyambe ndakuuzani bwinobwino ntchito yanga, chifukwa ndikudziwa kuti anzanu mumangowauza kuti mng'ono wanu ali kundege, iwo n'kumaganiza kuti ndimagawa tiyi m'mwamba. Ine ndimakhala pansi, m'kachipinda kopanda zenera loona kunja, muli makompyuta anayi, wotchi ziwiri ndi pulinta yomwe imameza mapepala ikatopa. Ndege iliyonse isananyamuke ndimaikonzera dongosolo la ulendo: njira yodutsa, nyengo ya m'njira, mafuta okwanira, ndi bwalo lothawirako, ndiye kuti bwalo lina lomwe ingakatereko ngati kumene ikupita kwavuta. Ndikasindikiza amakhala masamba makumi anayi. Kaputeni amabwera pakauntala yathu, awerenge, asaine, ndege inyamuke.

Kale dongosolo lililonse linkadutsa m'maso anayi. Wina akonza, mnzake abwereza, kenako ndiye lipite kwa kaputeni. Chaka chino kunabwera bwana watsopano woti achepetse ndalama zomwe kampani imawononga, ndipo sabata isanathe tinali titamupatsa kale dzina loti a Sizasi. Anayamba ndi mkaka wa mutiyi, tinaseka. Anathetsa maulendo atatu aatali, kuphatikizapo wanuwo, tinasiya kuseka. Kenako anati kompyuta ndi maso okwanira, n'kuchotsa ntchito anzathu atatu, mmodzi mwa iwo mnzanga amene tinakhala moyandikana zaka zisanu ndi chimodzi. Mpando wake anabwera kudzaunyamula tsiku lomwelo. Tinauzidwa kuti kumapeto kwa Seputembala kutuluka mndandanda wachiwiri, ndipo mwa asanu otsalafe achokapo awiri. A Sizasi ananena mosabisa kuti iwo sasankha munthu, wolakwitsa adzadzilemba yekha. Izi sindinakuuzeni, Achemwali, ndinkaopa kuti muyamba kugawa malipiro anu pakati musanandifunse n'komwe.

Mapailoti nawo zinawakhudza. Maulendo aatali atatha, ndalama zawo zogonera kunja zinapita, malipiro anaphwa ngati chovala chochapa m'madzi otentha. Pamwamba pa izo a Sizasi anamata pakhoma pepala la mayina a makaputeni, kuyambira woonjezera mafuta ambiri kufika woonjezera ochepa, atatu apamwamba olembedwa ndi inki yofiira ngati ana olephera mayeso. Pamwamba penipeni, mwezi ndi mwezi, pankakhala kaputeni wina wachikulire, wamtali, wa imvi, amene aliyense amamutchula a Mgolo chifukwa cha nkhani ya mafuta yomweyi. Ndi iwonso amatsogolera bungwe la mapailoti.

Sitalaka sanachite ayi. Anangogwirizana zotsata lamulo lililonse mmene linalembedwera. Masamba makumi anayi aja, amene kale ena ankangowatembenuza akumwa khofi, anayamba kuwawerenga mzere ndi mzere. A Mgolo ankabwera ndi rula yachitsulo, n'kumaitsetsereza pansi pa mzere uliwonse, osakweza mutu ngakhale foni zonse zikulira. Mukundidziwa kamwa yanga. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "A Kaputeni, kodi mukuwerenga kapena mukuloweza? Anthu aphika ndi kudya kuchipata chokwerera ndege uko." Iwo, osandiyang'ana, anati, "Mayi, amene analemba izi ankafuna kuti wina awerenge." Ndinawada munthu ameneyu, ndisaname. Ndege ikachedwa, wotukwanidwa pafoni ndinali ine.

Tsono Lachiwiri loyamba la Seputembala ndinalowa sikisi m'mawa, ndili ndekha ndi ndege zisanu ndi imodzi. Imodzi inali ya a Mgolo, yonyamuka naini kupita kumzinda wapakati uja mumadikirirako inu. Bwalo lothawirako ndinasankha laling'ono lapafupi ndi mzindawo. M'zidziwitso za mabwalo munali mzere woti msewu woterapo ndege kumeneko autseka kuyambira fili koloko masana, akuuthira phula latsopano. Ndinauona, ndipo sunali vuto, chifukwa ndege yathu inkafika thwelofu.

Kenako amakanika anati kachitsulo kena ka pabuleki katha, ndipo m'stolo mulibe, poti zosungira zotere nazo a Sizasi anazidula. Anakabwereka kukampani ina, ndege inachedwa maola anayi. Ndinasintha nthawi, ndinatenga nyengo yatsopano, ndinawerengeranso mafuta, ndinasindikiza. Zidziwitso zija sindinabwererenso kukaziwerenga, mumtima ndinkati ndaziona kale m'mawa. Ndege tsopano inkafika folo koloko, bwalo lothawirako litatsekedwa kale ola lathunthu, ndipo a zanyengo ankanena za mvula yamabingu madzulo amenewo. Kale mnzanga uja akanazigwira asanamalize n'komwe tiyi.

A Mgolo anabwera, anatulutsa rula yawo. Ine ndinkagogoda cholembera patebulo dala kuti amve. Atafika patsamba la makumi atatu ndi chimodzi, rula inaima. Mnzawo wothandizana nawo kuulutsa ndege anali atatsikira kukayendera ndege, pakauntala tinali awiri.

"Mayi, tabwerani kuno."

Ndinapita ndili ndi yankho kale pakamwa. Anangosunthira pepala kwa ine, rula ili pomwepo. Ndinawerenga mzerewo, ndinayang'ana wotchi. Ndege imeneyo inali ndi anthu 142, ndipo ine ndinali nditawapatsa khomo lothawira lokhomedwa ndi misomali.

"Bwalo lina lotsegula ndi liti?" anafunsa motsitsa mawu. Ndinawauza. "Pafunika mafuta oonjezera ochuluka bwanji?"

"Matani awiri."

"Konzaninso, ndikudikira."

Papepala la mafuta pali kabokosi komwe timalemba chifukwa choonjezerera. Ndinagwira cholembera, ndikudziwa kuti ndikalemba zoona ndadzilemba ndekha pamndandanda uja. Iwo anandilanda pepalalo, n'kulemba ndi dzanja lawo kuti, "Chifuniro cha kaputeni." Anati, "Ine ndili kale pamwamba pa khoma apo, kulibenso kokwera. Inu muli ndi mwana wa sukulu." Sindinkadziwa n'komwe kuti amadziwa zoti ndili ndi mwana. Akutenga chipewa anatembenuka, nati, "Koma lipoti la zachitetezo mulembe. Mwina osati lero, koma mulembe. Zoterezi zikabisika zimabwereranso." Ndinati eya, a Kaputeni.

Kuthira mafutawo kunatenga mphindi zina makumi anayi. Anapita, anatera bwinobwino, ali ndi mafuta ambiri otsala. Mvula ija inafika patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu iwo atatera, bwalo lalikululo linatsekedwa maola awiri. Ikanafulumira pang'ono, dongosolo langa lolakwika lija likanawasiya opanda kothawira. Amene anazindikira zimenezi ndine ndekha, ndikuyang'ana pakompyuta. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpope kuti asandimve, ndinalira ngati mwana. Ndikutuluka, lipoti sindinalembe. Ndinadziuza kuti palibe chachitika.

Lachisanu a Mgolo anaimitsidwa ntchito. A Sizasi anali atapeza chomwe ankafuna: mtsogoleri wa mapailoti, matani awiri opanda chifukwa, kuchedwa kwa mphindi makumi anayi, ndi dzanja lake lomwe papepala. Mlandu unali woti akuwononga dala chuma cha kampani pofuna kukakamiza mabwana pa nkhani ya malipiro. Munthu wotsala ndi zaka ziwiri kuti apume, akanachotsedwa motero akanapita chimanjamanja, dzina litaipa. Kompyuta imasunga dongosolo lolakwika lija, koma palibe anafuna kuyang'anamo. Ine ndinkangodikira foni yoti anditchula. Sananditchule. Ndinamva kuti atafunsidwa anangoti, "Ndinafuna ndine."

Ndinakhala chete masiku khumi, Achemwali, ndipo pamenepa ndi pomwe ndikuchita napo manyazi. Mumanditcha wamakani chiyambire ubwana, koma makani anga onse anathera pakhosi. Alamu anu nditawauza, anaika pansi chipewa chawo chowotcherera zitsulo, nati, "Njovu zikamamenyana udzu sudzutsa mutu. Mkulu uja ali ndi maloya a bungwe lake, iwe uli ndi ndani?" Sindiwaimba mlandu. Ntchito yawo mukuidziwa, mwezi wina mageti atatu, mwezi wina kulibe ndi limodzi lomwe, ndipo mwana wanu wamkulu akulemba mayeso chaka chino. Pakati pa masiku amenewo a Sizasi anaima kumbuyo kwa mpando wanga, n'kundinong'oneza kuti ndisade nkhawa ndi mndandanda, chifukwa ine chaka chonse sindinalakwitsepo. Ndinati zikomo bwana. Tiyi wa tsiku limenelo ndinamuthira m'sinki.

Chomwe chinandidzutsa si chikumbumtima chokha, ndinene zoona. Lachisanu lotsatira kunabwera pakauntala kaputeni wina, mayi wa msinkhu wanga, amene masiku onse a mkanganowu ankawerenga mofatsa ngati anzake. Ndinamupatsa dongosolo lake. Anayang'ana tsamba loyamba, anayang'ana kukhoma komwe dzina la a Mgolo linali litafufutidwa, n'kusaina. Mphindi ziwiri sizinakwane.

"Simuwerenga, a Kaputeni?" ndinamufunsa.

"Ndiwerenge kuti nanenso ndiimitsidwe? Ndili ndi ana atatu ine. Ndikudalira inuyo, achemwali."

Akudalira ine! Ndinamuona akutuluka ndi chikwama chake. Kumbali kwanga mpando kunalibe, kutsogolo kwanga rula kunalibe, ndipo amene anachititsa kuti anthu aziopa kuwerenga ndinali ine ndi kukhala chete kwangako. Ndinamuthamangira mpaka pamasitepe, ndinamubweza, tinawerenga limodzi masamba onse. Munalibe cholakwika. Koma madzulo amenewo, ndisanaweruke, ndinalemba lipoti lija.

Mlandu wa a Mgolo unali Lolemba. M'mawa ndikudzuka ndinapeza alamu anu akusita bulauzi yanga yoyera, munthu amene chikwatiranireni sindinamuonepo atagwira ayironi. Anangoti, "Ukapita kumeneko usakapite yokwinyika." Kolala anaiwotcha pang'ono, ndinaivala chomwecho.

M'chipindamo munali tebulo lalitali, mabotolo a madzi, mabwana atatu ndi mayi wa ku ofesi yoona za antchito. A Mgolo anali atavala suti yotuwa, ndipo opanda yunifomu ankaoneka ngati agogo a munthu amene abwera kudzalandira mankhwala. Atandiona pakhomo anapukusa mutu pang'ono, kundiuza kuti ndibwerere. Ndinalowa. Ndinaika patebulo lipoti langa ndi tsamba lija la makumi atatu ndi chimodzi, lomwe ndinakhala ndikuyenda nalo m'chikwama masiku onsewo, ndipo ndinafotokoza zonse kuyambira sikisi m'mawa.

A Sizasi anavula magalasi. "Mayi, mukudziwa kuti zimene mukunenazi zikutanthauza chiyani kwa inuyo?"

"Ndikudziwa, bwana."

Ndikanalekera pomwepo, koma kamwa ija inabwerera pa nthawi yake. Ndinati, "Kulakwa ndi kwanga, sindikukankhira munthu. Koma mutu umodzi susenza denga, bwana. Munachotsa maso awiri m'chipinda mwathu, ndipo lero mukufuna kuchotsa awiri omaliza amene anaona." Mayi wa ofesi ya antchito uja anasiya kulemba, n'kumwa madzi.

Chigamulo chinatuluka tsiku lomwelo. A Mgolo anawapatsa kalata yowadzudzula chifukwa cholemba chifukwa chosakhala choona m'kabokosi kaja, ndipo iwo eni anavomera kuti pamenepo analakwa, koma anabwerera pantchito. Tinakumana pakhonde. Anandiyang'ana kuchokera pamwamba paja, nati, "Mwachedwa masiku khumi."

"Ndimawerenga pang'onopang'ono, a Kaputeni."

Aka kanali koyamba kuwaona akuseka, mpaka anagwira khoma. Atasiya, anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, nati, "Zikomo, mwana wanga." Chimwalirire abambo palibe mwamuna ananditchulapo choncho.

Tsopano chimene ndakhala ndikuzungulira masamba onsewa. Mndandanda unatuluka, dzina langa linalipo. Ntchito ndinasiya pa 30 Seputembala. Musadumphe, Achemwali, ndipo musayambe kufufuza nambala ya a Sizasi. Chiphaso changa cha ntchito sichinalandidwe, chifukwa lamulo limateteza munthu amene waulula yekha kulakwa kwake, ndipo kalata yochokera anandilembera yabwino. Tsiku lomaliza mapailoti ankabwera mmodzimmodzi pakauntala, ngakhale amene sanali paulendo, ena ndi keke, ena kudzangopereka moni. Anthu omwewa ndinakhala ndikuwatchula adyera.

Mkangano wa malipiro unatha sabata yatha. Mapailoti sanapeze ngakhale theka la zomwe ankafuna. Ndamva kwa kaputeni wamkazi uja kuti pa tsiku lomaliza la zokambirana anasiya dala gawo lina la ndalama zawo, posinthana ndi zinthu ziwiri: pepala la inki yofiira lichoke pakhoma, ndipo m'chipinda mwathu mubwerere munthu wachiwiri wobwereza dongosolo lililonse. Anthu anachotsa m'thumba mwawo kuti mpando uja ubwerere. Malo amenewo adzalengezedwa mu Januwale. Palibe wandilonjeza kanthu, ndipo a Sizasi akadalipo, koma ndidzafunsira. Loweruka a Mgolo anaimika galimoto pageti, n'kutsitsa katoni ya mabuku a zanyengo ndi malamulo a ndege, akuti ndisaiwale ntchito. Kulowa anakana, koma amayi anawatsekereza pageti ndi ndodo mpaka anamwa tiyi.

Amayi ndinawauza tsiku lomwe ndinasiya. Ndinafika masana, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo ndisanavule nsapato, ndinafotokoza ndikulira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Mundegemo munali anthu angati?" Ndinawauza. "Onse anafika?" Ndinati onse. "Nanga mkulu uja, anabwerera pantchito?" Ndinati anabwerera. Anati, "Ndiye ukulira chiyani? Vula nsapato, ukundidetsera pansi." Koma dzanja lawo linali pamutu panga, ndipo linakhalapo nthawi yaitali.

Ndikupempheni zinthu zochepa. Ndalama musatumize, tikadali bwino, ndipo zikavuta ndikulonjeza kuti ulendo uno ndinena, sindibisanso. Alamu anga muwauze nokha, mwa njira yanu, asamve kwa amayi pafoni chifukwa amayi amawonjezera. Ngati mungapeze mafuta opaka a bondo aja a m'kabotolo kobiriwira, mudzabwere nawo awiri. Mwana wanu wamkulu akuti mumupempherere pa masamu, wamng'ono akuti nsapato zija zamuthina kale.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. M'mawa ndimadzukabe nthawi ya ntchito, n'kukhala pabedi osadziwa kolowera. Koma mtima wanga ndi wodzaza ndi kuthokoza kuposa mmene unalili pamene ndinali ndi ntchito ndi chinsinsi. Ndikuthokoza Mulungu kuti tsiku lija panali munthu wosamva kugogoda kwa cholembera changa. Ndikuthokozanso inu, amene munandilipirira sukulu ya ntchito imeneyi ndi malipiro anu oyamba a unamwino, ndipo ndikufuna mudziwe kuti ndalama zanu sindinazinyozetse, ngakhale ndinatsala pang'ono.

Amayi akupereka moni, akuti akuwerenga masiku kufikira mudzabwere mu Disembala. Alamu anu ndi ana akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Tikiti mugule ya kampani yomweyo, musaitaye chifukwa cha ine. Mudzatera pakati, mudzakhala pabenchi paja maola anu asanu, mudzatopa. Koma mukadzakhala mundege, zitseko zitatsekedwa, n'kumva kaputeni akupepesa kuti tichedwa pang'ono, chonde Achemwali musadzang'ung'udze. Mudzawagwire ana manja, mudzakhale phee. Kutsogoloko kuli munthu akuwerenga kuti inu mudzatipeze.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Wamakani uja